Kachigamba ka Udzu Pabwalo la Ndege

Ndinaponda buleki thirakitala ili pakati pa mzere, mipeni yotchetchera ikulirabe kumbuyo. Kutsogolo kwanga kambalame kotuwa kanali katavumbuluka mu udzu, n'kukwera molunjika kumwamba kakuimba.

Pabwalo la ndege mbalame ndi mdani. Udzu timaumeta kuti zisowe pokhala, chifukwa imodzi yokha ikalowa mu injini ya ndege, anthu ambiri angathe kufa. Koma kameneka ife otchetcha tinkakakonda. Tinkakatcha kaimbira, ndipo dzinalo linali la m'mwamba basi. Kakatera pansi kankasanduka kampheta wamba, kosayenera ndi moni womwe.

Ndinatsika n'kupatula udzu ndi phazi. Munali chisa, tiana tili kukamwa yasa.

"Mwaimiranji, achimwene?" anafuula a kapitawo athu ali m'galimoto.

"Kaimbira waswa apa, bwana."

"Ndiye tiitane azamba? Oyendera bwalo akubwera mawa. Metani ponse mpala!"

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Iwo atapita ndinazungulira chisacho, n'kusiya kachigamba ka udzu kokula ngati mphasa. Ndinkadziwa kuti ntchito ingandithere pomwepo, komabe ndinaweruka mtima uli mbee, ndikudzimva kuti nane ndine munthu.

Kutacha a kapitawo ananditenga pagalimoto kukayendera bwalo. Kachigamba kaja kanaonekera patali, kali kokhakokha pabwalo lometedwa. Ndinayamba kusanja mawu opepesa. Koma titayandikira, akhwangwala awiri anadzambatuka m'menemo mwaulesi, ngati anthu okhuta.

Chisa chinali pululu, chopanda kanthu.

A kapitawo anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andikalipire, mwinanso zikanandipepukira.

"Udzu uli ponseponse, khwangwala sankadziwa poyambira," anatero motsitsa mawu. "Mwamulozera ndinu, achimwene. Kalizeni thirakitala mumalize, sindiuza munthu."

Ndinameta kachigambako kamodzi n'kamodzi, n'kuzimitsa injini. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere pa kanthu kochepa chotero.

Ndisanatsike, kambalame kaja kanabwera. Sikanaimbe. Kanatera pomwe ndinali nditangometa, kachiwala kali kukamwa, n'kuyamba kuyendayenda, kakusuzumira pansi pa udzu wodulidwa.