Umphawi wa a Khansala

Amuna anga ndi khansala, ndipo si khansala wamba, ndi wapampando wa komiti ya zachuma ku khonsolo ya mzinda wathu. Akamatchula udindowo amakoka mawu ngati akuwerenga uthenga wa maliro pa wailesi. Ine ndakhala nawo zaka zambiri moti akayamba zimenezo ndimangopitiriza kusita.

Ndi iwowa amene anaumiriza khonsolo kuti ikongole ndalama ku mabanki. Anagulitsa mapepala otchedwa mabondi, olonjeza kuti mzinda udzabweza ndi chiwongoladzanja chake. Ndalamazo anamangira kasupe wamkulu pamphambano ya pakati pa tauni, wa magetsi amitundumitundu. Madzi anatumphuka tsiku lotsegulira lokha, amuna anga atagwira sizasi, mano onse pamtunda kuti ojambula asawaphonye. Lero m'kasupemo mumagona agalu.

A mabanki atayamba kugogoda, komiti inagwirizana kuti nyumba zonse mumzinda ziyezedwenso, yokongola izilipira msonkho wambiri, yakutha izilipira wochepa. A mabankiwo, poti makhansala amawadziwa bwino, anakana oyeza a khonsolo n'kubweretsa awoawo ochokera kutali, osadziwa munthu ndiponso osanena tsiku. Amuna anga anapita pa wailesi kukauza anthu kuti nzika yokonda mzinda wake imalandira oyeza ndi manja awiri. Pobwera kumeneko anadzera kwa kalipentala kukabwereka chitsulo chozulira misomali.

Gatala wolandira madzi a padenga kutsogolo anazula. Khoma lakunja analiwaza madzi a matope ndi tsache langa. Galasi la windo labwinobwino analichotsa n'kumatapo katoni. Matailosi a pabalaza, amene ndinagula ndekha ndi thukuta la makina anga osokera, anawaphimba ndi kapeti wa pulasitiki wong'ambikang'ambika amene anakapempha kwa alongo awo. Bambo wa tayi kumagwada pansi, kumakanda mng'alu ndi supuni kuti uzioneka waukulu! Ndinkawaonera pawindo la kukhitchini, ndipo ndisaname, zinkandinyansa.

"Ngongoleyi munatenga ndinu," ndinawauza. "Ndiye mukufuna abweze ndani?"

"Mayi, za chuma zisiyireni eni ake. Mzinda ndi anthu ambirimbiri. Nyumba imodzi singagwetse bajeti."

Aneba ataona zimene akuchita wapampando wa zachuma, nawonso anatenga masache awo. Msewu wathu wonse unasauka sabata yomweyo.

Tili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, namwino pachipatala chachikulu. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo sanatibweretserepo mwamuna kufikira atapeza mnyamata wina wofatsa, wokonza makina a m'chipatala momwemo. Makolo a mnyamatayo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzationa. Mwana wanga ankamufuna mnyamatayo ndi mtima wonse. Ndinadziwa chifukwa anayamba kuimba akamatsuka mbale, chinthu chimene anasiya ali kamtsikana.

Ndinawakhazika pansi bambo ake. "Kunja ndakusiyirani, chitani misala yanu. Koma m'kati muno Loweruka ndi mwanga. Kapeti wa alongo anuyu achoke."

Anang'ung'udza, kenako anavomera. Anati oyeza sagwira ntchito Loweruka, ndipo akudziwa bwino poti amene anasaina pangano la ntchitoyo ndi iwo eni.

Ine ndi mwana tinakolopa matailosi mpaka kumadzionerapo nkhope. Ndinapachika makatani atsopano amene ndinasoka ndekha, ndinatulutsa makapu amene sitimwera. Alendo anafika atatu: mnyamatayo, bambo ake a imvi olankhula motsitsa, ndi mayi ake, mayi wa maso akuthwa amene anayang'ana katoni wa pawindo kamodzi kokha n'kusankha kusaona. Atalowa pabalaza nkhope yawo inamasuka. Anagwira katani, anafunsa amene anasoka, tinayamba kuseka ngati tinadziwana kale. Amuna anga anali atavala suti ya ku khonsolo, akufotokozera bambo a imviwo mmene anakambirana ndi akuluakulu a mabanki maso ndi maso.

Ali pakati pa nkhaniyo, pageti panaima galimoto yoyera. Munatuluka anyamata awiri a majekete achikasu, wina atanyamula tepi yoyezera, wina kamakina kolembera. Pangano lija amuna anga anasaina osaliwerenga.

Ndinawakokera kukhonde la kukhitchini. "Auzeni adzabwere Lolemba. Tili ndi alendo."

"Sizitheka," ananong'ona, thukuta lili kamukamu. "Ukawabweza amakuika m'gulu la msonkho wapamwamba. Lamulo limenelo ndinabweretsa ndine."

"Ndiye alowe, ayeze, azipita. Inu mukhale chete. Chonde, bambo, lero lokha."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha impso. Mapanga awiri avumbwitsa, koma iwo sanavumbwe nthawi yaitali, anasankha msanga.

Oyeza aja analowa, anapereka moni kwa alendo mopepesa. Wa kamakina anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Matailosi abwino awa, bwana." Basi, mawu omwewo. Amuna anga anavula jekete ya suti, anaiponya kuseri kwa mpando, mapewa anagwa, ngakhale mawu anasintha kukhala a munthu wopempha mchere.

"Achimwene, musanyengeke ndi zimenezi. Matailosiwa ndi omata pamwamba chabe, pansi pake ndi dothi lokhalokha. Mipando mukuionayi, makatani, makapu, zonsezi tabwereka kwa aneba chifukwa cha alendowa. Mukudziwa inunso, munthu umayenera kubisa umphawi pamaso pa apongozi."

Bambo a imvi aja anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono.

"Denga ili mvula ikagwa ndi sefa," anapitiriza. "Chimbudzi cha m'nyumba chinafa kalekale, timakapempha kuseri uko. Lembani zimenezo, achimwene, lembani."

Nthawi imeneyo mwana wanga anali akulowa ndi thireyi ya tiyi wina. Bambo ake anamuloza ndi chala, ngati akuloza mng'alu.

"Uyu mukumuonayu alibe n'chipinda chomwe, amagona pansi kukhitchini. N'chifukwa chake tikufulumira kumukwatitsa. Aliyense amene angamutenge watithandiza, pakamwa pachepeko pakhomo pano."

Mwana wanga sanagwetse thireyi. Anaitula patebulo bwinobwino, anathirira mayi a mnyamata tiyi osataya ngakhale dontho, n'kutuluka. Mnyamatayo anafuna kudzuka kuti amutsatire, koma bambo ake anamugwira bondo. Mpaka lero ndimadzida kuti sindinakuwe.

Oyezawo analibe nazo ntchito. Wa tepi anayasamula, anakoka tepi yake kukhoma, mnzake anadinadina kamakina. Anazungulira nyumba amuna anga ali pambuyo pawo, akuwaonetsa mng'alu wa supuni uja ngati chilonda cha kunkhondo.

Alendo sanadikire kuti amuna anga ndi oyezawo abwerere. Anathokoza chifukwa cha tiyi amene sanamalize, ndipo ndinawaperekeza kugeti. Ndinayamba kulongosola kuti zonsezo ndi bodza, kuti makatani ndi anga, kuti mwana ali ndi chipinda chake. Mayi aja anandigwira dzanja.

"Ndikudziwa, mayi. Katani wobwereka sakwana windo chonchija. Ine nyumba yodontha sindiiopa, ndinakulira momwemo. Koma bambo amene aja ndi amene adzakhale agogo a adzukulu anga." Anandisiya dzanja. "Tikakambirane kunyumba. Tidzakuimbirani."

Mawu akuti tidzakuimbirani aliyense amawadziwa. Mnyamatayo anatembenuka kuyang'ana windo la chipinda cha mwana wanga mpaka galimoto yawo inakhota.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza amuna anga atavalanso jekete, akudya mabisiketi a alendo, m'manja muli kapepala kamene oyeza anawasiyira.

"Mayi, taonani! Gulu lotsikitsitsa! Tizilipira ngati nyumba ya mlonda. Mumati sindidziwa za chuma?" Anayang'ana mipando yopanda anthu. "Apita? Aa, musadandaule, ndidzawafotokozera. Bambo aja akuoneka ozindikira, amvetsa kuti zinali za msonkho basi."

Ndinkasonkhanitsa makapu, ndikumva madilowa akutsegulidwa ndi kutsekedwa kuchipinda. Patapita kanthawi mwana wanga anatuluka atavala yunifolomu ya ntchito, chikwama chachikulu m'manja. Maso anali ouma. Anandiuza kuti ku nyumba zogona anamwino kuli bedi lopanda munthu, ndipo waimba kale foni.

Bambo ake anadzuka, kapepala kaja kakadali m'manja. "Iwe, ukupita kuti? Zija ndimangonena, si iwe mwana wanga mmodzi yekha? Pepani ndithu ngati zakukhudza, koma taona ndalama zimene tapulumutsa. Zomwezi zidzathandiza pa ukwati wako."

Mwanayo anaima pakhomo. Chibadwire ankawaitana adadi, ngakhale atakula, ngakhale atakwiya. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, mwaulemu wonse, ngati munthu amene wamupeza pa ofesi.

"Tsalani bwino, a khansala," anatero.

Ine ndinasiya makapu patebulo, ndinalowa kuchipinda kukamunyamulira chikwama chachiwiri.