Timitanda ta Inki

Miyezi inayi yathunthu dzina la kalipentala linali pamndandanda wa odikira makina owotcha khansa pachipatala chachikulu. Chotupa chinali kum'mero. Munthu amene kale ankadya ngati akuthamangitsidwa tsopano ankalimbana ndi tiyi wa pasipuni, ndipo mkazi wake ankaona ndi maso kuti njira ikutsekeka tsiku ndi tsiku.

Nthawi yawo itakwana anamugoneka muwodi, anamujambula m'kati n'kuyeza pamene pali chotupacho. Kenako mayi woyendetsa makinawo anamulemba timitanda titatu ta inki, kamodzi pachifuwa, tiwiri m'nthiti.

"Makina amatsata timeneti," anatero mayiyo, akuyang'ana onse awiri. "Musapake sopo, musakhule. Tikafufutika tiyambiranso kuyeza, ndipo malo anu alowapo wina. Lolemba muyamba."

Mkaziyo anatisamala timitandato kuposa maso ake. Ankapukuta mwamuna wake ndi kansalu konyowa, kulambalala inkiyo patalipatali.

Lamlungu masana kunatulukira Ahedi, mlongo wake wamkulu wa kalipentala. Anapuma pantchito kalekale koma uhedi sunawachoke. Kwa iwo dziko lonse linali kalasi, ndipo aliyense anali mwana wosasamba m'khosi. Miyezi inayi yonseyo sanapondeko kuchipatala, matenda ankawayendetsa pafoni. Tsikuli anabwera ndi chikwama chachikulu, fungo la pefyumu ndi nzeru zimene palibe anawapempha.

"Alamu, munthuyu mumamusambitsa koma?"

"Timawapukuta, alamu. Kungoti pachifuwapo pali..."

"Musandiphunzitse ukhondo ine. Ndalera ana a anthu mazanamazana. Pitani mukatenge mankhwala, anesi akukuitanani apo."

Mkaziyo anapitadi, pakamwa mawu ali theka, ndipo mpaka lero amadzida nazo. Pawindo la mankhwala mzere unali wautali. Pobwerera, fungo la sopo linamulandira ali pakhomo la wodi. Mwamuna wake anali chikhalire pabedi, chifuwa chili psuu. Ahedi anali akufinya chinkhupule m'beseni, nkhope ikuwala ngati apambana mlandu.

"Onani tsono, wayamba kuoneka ngati munthu. Bambo wamkulu kumulembalemba ngati bolodi, inu n'kumangoonerera? Inki yake yokanika, ndachita kupempha sipiriti kwa oyandikana nawowa."

Mkaziyo anakhala pansi penipeni, mankhwala ali m'manja. Ankaopa kuti akatsegula pakamwa atukwana mpaka makolo a Ahedi, amene analinso apongozi ake.

Lolemba m'mawa mayi wa makina uja anatsegula malaya a kalipentala. Anayang'ana pachifuwa, anayang'ana m'nthiti, kenako anausa moyo.

"Wafufuta ndani?"

"Ine ndangomuyeretsa," anayankha Ahedi, amene analowa nawo m'chipindamo osaitanidwa. Anapisa m'chikwama. "Inki ingativute? Nayi bolopeni, lembaninso. Panali apa ndi apa, ndikukumbukira bwinobwino."

"Amayi, tikaphonya pang'ono chabe tiwotcha mapapo, chotupa n'kutsala. Ayezedwenso basi, ndipo koyezerako kuli mzere wakenso. Milungu itatu."

"Milungu itatu sakwanitsa," mkaziyo anatero motsitsa mawu. "Dzulo mkaka wabwerera."

"Ndikudziwa, mayi. Ndiyesa kukupemphererani, koma ali pabenchiwo nawonso akuvutika chimodzimodzi."

Anasuzumira pakhomo n'kuitana dzina lina. Bambo wina wowonda anadzuka pabenchi mwachangu, akumasula mabatani asanalowe n'komwe.

Ahedi anatsogola kutuluka, foni ili kale kukhutu. Khonde lonse linamva kuti zipatala za masiku ano ndi ulesi wokhawokha, kubweza wodwala chifukwa cha inki, ndiponso kuti alamu awo ndi munthu wosalongosola zinthu, akanangonena poyamba. Anatinso alembera kalata akuluakulu a chipatala. Atamaliza anatsanzika, poti masana kunali msonkhano wa amayi ndipo wapampando anali iwowo.

Mkaziyo anakankha njinga ya odwala mpaka pakona pamene panalibe anthu. Ahedi anali atawataya kale mumtima. Chimene chinkamuwotcha tsopano chinali china. Ananjuta kutsogolo kwa mwamuna wake.

"Abambo, inu munalipo pamene ankatiuza. Munamva ndi makutu anu. Bwanji simunawaletse?"

Kalipentala anayesa kumeza malovu, nkhope inakwinyika, ndipo mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndi akulu anga aja. Ndikanawachititsa manyazi anthu onse muwodi akuona?"

Mkaziyo anamumvera chisoni, inde, koma anamunyozanso, munthu wogulitsa m'mero wake kuti mlongo wake asakhumudwe. Anatsegula botolo la madzi, n'kuthira pang'ono m'chivindikiro.

"Chabwino, ulemu mwapereka. Imwani madziwa tione ngati adutse."

Sanadutse.