Magazi a Bambo Gwakisa

Kamnyamata kothyoka mwendo kankaphiriphitha pabedi la ekisileyi pamene Bambo Gwakisa anapinda malaya ndi kukagwira m'mapewa.

"Jambula, Tumpale. Ndamugwira."

Tumpale, mnzawo wojambula nawo odwala pachipatala china cha ku Mbeya, anachotsa chala pabatani.

"Sindijambula inu muli pamenepo."

"Iwe, ndinayamba kugwira ana chonchi usanamere mano!"

"N'chifukwa chake magazi anu akudandaula, bambo."

Mwezi wapitawo onse ogwira ntchito m'chipindacho anatengedwa magazi. Zotsatira zitatuluka dzulo lake, dokotala wofufuza wochokera ku Dar es Salaam anauza Bambo Gwakisa kuti tinthu tonyamula chibadwa m'maselo awo, totchedwa makromozomu, tambiri tinali toduka chifukwa cha cheza cha makinawo. Kabaji koyeza cheza, kamene aliyense amavala pachifuwa, sikanaulule kanthu. Iwo ankakasiya m'kabati poopa kusamutsidwira ku ofesi. Zonsezi anamuuza okha Tumpale pa tiyi, uku akunyema chapati n'kumaseka.

"Tandiyang'ana," anatero tsopano, akudziguguda pamtima. "Ndikuoneka wodwala ine?"

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Panja odwala anayamba kung'ung'udza. Wina anagogoda chitseko. Tumpale sanasunthe, ngakhale ntchitoyi anamuphunzitsa ndi bambo omwewa.

"Ukandinenera kwa akuluakulu?"

"Mukakana, ndipita pompano. Bola mudane nane muli moyo."

Tumpale anatsegula chitseko n'kuitana mayi wa mwanayo. Atamufunsa ngati ali woyembekezera, mayiyo n'kukana, anamuveka chovala cholemera cha mtovu ndi kumuonetsa pogwira.

"Inu mungoima apa lero lokha, mayi. Awa aimapo zaka zambirimbiri."

Bambo Gwakisa anayang'ana mwanayo, anayang'ana makinawo. Kenaka anakoka miyendo kupita kuseri kwa khoma lotchinga cheza. Ali pagalasi, anatupitsa masaya ngati chule mpaka mwana analeka kulira n'kuwayang'anitsitsa. Tumpale anadina batani, chithunzi chinatuluka bwinobwino.

Mayi ndi mwana atatuluka, bambowo anakhala pampando, nthabwala zitawathera.

"Dokotala uja abwerera liti ku Dar es Salaam?"

"Mawa masana."

"Kamuuze andidikire m'mawa. Ndibwera ndi mayi akunyumba, adzamve okha. Ine ndalephera kuwauza."

Tumpale anavomera ndi mutu, n'kuitana wodwala wotsatira.