Kalata Yokatengera Kunyumba

Clementina anali atagulitsa nsomba pamsika wa Kafue zaka zambiri, moti chinthu chikayamba kuonongeka ankamva fungo ena asanadziwe. Tsiku lina mwana wake Edna anamuuza kuti a Mweemba, aphunzitsi a sayansi, avomera kumulembera kalata yomuchitira umboni ku koleji ya unamwino, koma akaitengere kunyumba kwawo Loweruka masana. Mayiyo anasiya zimene ankachita.

"Ku nyumba? Ku sukulu kulibe ma office?"

"Bakamba ati stamp ili ku nyumba," anatero Edna. "Mami, osayamba. Ma application bavala pa Monday. Mukabakalipisa sibazanilembela."

Povuta panali pamenepo. Popanda kalatayo, Edna akanatha chaka china akupala mamba pamsika, mwana woti anakhoza bwino chonchi. Clementina anachita mantha, komabe mtima unakana kumulola kupita yekha. Chidindo cha sukulu chinayamba liti kugona kunyumba kwa munthu ngati mphaka?

Loweruka anasankha nsomba ziwiri zonona, navala chitenje cha kutchalitchi, n'kutsagana ndi mwana wake. A Mweemba anatsegula chitseko akumwetulira, atadzithira mafuta onunkhira okwanira minibasi yonse ya ku Lusaka. Ataona kuti alendo ndi awiri, kumwetulira kuja kunazima.

Clementina anagwada pakhonde mwaulemu wonse, napereka nsombazo ndi manja awiri. Munthu wogwada ndi mphatso m'manja sapirikitsidwa, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

"Ba Sir, tabwela kuonga zikomo. Ba madam baliko?"

"Bali ku Monze, ku malilo," anayankha aphunzitsiwo akuyang'ana kumbali. "Letter nikalibe kusiliza. Edna angabwele mailo, pa Sunday."

"Osavutika, tizayembekeza. Pakuti ba madam kulibe, lekani nikukonzeleni nsomba."

Anatulutsa mpeni m'chikwama, nakhala pansi miyendo tambalale, n'kuyamba kupala. Chibadwire sanapalepo nsomba mochedwa chotero. Kalata yosatha ija inatha nsomba yachiwiri isanatumbulidwe, ndipo chidindo chinapezekadi m'kabati. Edna anaiwerenga pomwepo, nagwedeza mutu kuti ili bwino.

Akutuluka, mwanayo anadandaula chapansipansi. "Mwaona? Stamp inaliko. Mwanichitisa chabe nsoni."

Clementina anaganiza kuti mwina analakwiradi munthu wosalakwa, ndipo zimenezo zinamuwawa. Kudzola mafuta onunkhira si mlandu.

Pageti anakumana ndi Chimuka, mnzake wa Edna wa m'kalasi, atatchena diresi yosita bwino, akufufuza nambala ya nyumba pafoni.

"Naiwe letter?" anafunsa Clementina.

"Ee. Banati nibwele neka, bantu bambili bamabasokoneza polemba."

Clementina anacheukira Edna, ndipo Edna anazolika. Nayenso anauzidwa mawu omwewo, koma anawabisa.

"Bamai bako bali kuti?" Clementina anafunsa Chimuka.

"Ku Shimabala, ku munda. Sibaziba kuti nabwela kuno."

Edna anakoka mayi ake chitenje. "Mami, yatu tatenga kudala. Tiyeni, ba Sir bangatumile foni ku college kuti bationongele."

Zimenezo zinali zotheka ndithu. Clementina anayang'ana kalata ili m'manja mwa mwana wake, kenako anagwira Chimuka dzanja, nabwerera naye kukagogoda.

Chitseko chitatseguka, sanagwadenso.

"Ba Sir, uyu nayeve ni mwana wanga. Tizayembekeza."