Magalasi a Zebedee

Laputopu ija ananditumizira mng'ono wanga wa ku Joni, ndipo tsiku lomwe inafika Kawale yense anadziwa, poti ine chinthu chabwino sindidziwa kuchisunga m'nyumba. Galasi lake linkaonetsa bwino modabwitsa. Ukaika chithunzi cha mbuzi, ubweya unkaoneka umodziumodzi. Koma zilembo, mayo ine! Tizilembo take tinali ngati chitowe chotayikira m'mbale. Kuti ndiwerenge ndinkachita kugunditsa mphuno pagalasi, chitseko nditatseka.

Woyamba kundipezerera anali Zebedee, mnzanga wa kalekale, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi msika. Iyeyu ankavala magalasi okhuthala, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wofiira.

"Achimwene, mukuwerenga kapena mukuinunkhiza?" anafunsa atalowa osagogoda.

"Ndikuona ngati pali fumbi."

"Akutitu zilembozo zimatheka kuzikulitsa. Apo ayi, gulani magalasi ngati anzanufe."

"Magalasi ndi a nkhalamba. Ine maso anga akadali a mnyamata."

Anaseka mpaka kutsokomola. Zokulitsa zilembozo ndinazikana dala. Kumisonkhano ya mpingo anthu akasuzumira n'kuona tizilembo tija ankati, "Eee, Bambo Chisankho, koma maso muli nawo!" Ine ndinkangomwetulira ngati ndikuonadi chilichonse.

Nyengo yozizira itafika Zebedee anadwala chifuwa, ndipo sanachedwe kutisiya. Zinandipweteka kwambiri. Akubanja anagwirizana kuti mbiri ya malemu ndiwerenge ineyo, popeza ndinkamudziwa kuposa abale ake ena. Ntchito imeneyi si yamasewera. Umayenera kutchula kumene munthu anabadwira, mfumu yake, mpingo wake, ana ake onse ndi zidzukulu, ndipo ukadumphapo mmodzi, anthu amaiwala nyimbo zonse za pamaliro n'kumakumbukira dzina lomwe unasiyalo. Ndinakhala pansi ndi amalume ake ochokera ku Ntchisi, iwo akunena, ine ndikulemba pamakina anga mphuno ili pagalasi, ndikunamizira kuti ndawerama chifukwa cha chisoni.

"Kasindikizeni papepala, zilembo zikhale zikuluzikulu," anatero mkazi wanga Rachel m'mawa wa tsiku loika maliro.

Magetsi analipo, shopu yosindikiza inali yotsegula. Koma ine ndinkafuna a ku Ntchisi aone kuti Zebedee anali ndi anzake otsogola. Mnzanga ali m'bokosi, ine maganizo ali pa laputopu.

Woyendetsa mwambo atandiitana, ndinaimirira kutsogolo kwa tenti, ndinaika makina anga pakatebulo, n'kuwatsegula pang'onopang'ono kuti onse aone. Anandipatsa chimkuzamawu. Ndinayang'ana pagalasi. Dzuwa linali phwee, ndipo chomwe ndinaona bwinobwino chinali nkhope yanga yomwe, thukuta lili kamukamu. Tizilembo tinali penapake kuseri kwa nkhopeyo, timizere totuwa basi.

"Malemu Zebedee anabadwa..." ndinayamba, n'kuima.

Chaka sindinkachiona. Mudzi sindinkauona. Ndinawerama pang'ono, kenako kwambiri, mpaka chimkuzamawu chinagunda tebulo n'kulira. Mayi wina kumbuyo anati, "Aa, chisoni chawagwira, anali pachinzake chenicheni." Amalume aja anayamba kuyang'anizana. Apa m'pamene mantha enieni anandigwira: Zebedee, munthu amene anasokera theka la Kawale zovala za ukwati ndi za sukulu, apita kumanda mbiri yake osamveka, ana ake osatchulidwa, chifukwa cha matama anga.

Ndinaona kumbali ya azimayi kukugwedezeka. Mayi Zipora, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, ndipo anali kumasula mfundo ya pachitenje chawo. Anapatsira kanthu mayi woyandikana nawo, uyo anapatsira mnzake, kanthuko kanayenda dzanja ndi dzanja mpaka kanadutsa kwa azibambo n'kufika kwa ine. Anali magalasi okhuthala, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wofiira.

Ndinawavala pamaso pa anthu onse aja amene ndinkawauza kuti maso anga ndi a mnyamata. Ndinatembenuzira makina kumthunzi, ndipo tizilembo tinatuluka bwinobwino, kalikonse pakokha. Ndinawerenga chaka, mudzi, mfumu, mpingo. Ndinatchula ana onse ndi zidzukulu, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Chakumapeto zilembo zinayambanso kusokonekera, koma ulendo uno silinali vuto la makina. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta ndi tayi, n'kumaliza.

Titabwerako kumanda ndinapita kukagwada pafupi ndi Mayi Zipora, magalasi ndili nawo m'manja awiri.

"Alamu, zikomo. Mwandichotsa manyazi."

Sanawalandire. Anandiyang'ana ndi maso otupa, koma pakamwa pakuoneka kakumwetulira.

"Sungani, alamu. Anzanu aja ali m'chipatala anandiuza kuti ndidzakupatseni mukadzasiya matama. Ine ndinaona kuti tikadikira zimenezo, maliro agona pano."

Laputopu ija zilembo zake ndinakulitsa, Rachel ndi amene anandithandiza. Koma magalasiwo ndimawavalabe. Ulusi wofiira uja wayamba kuthetheka, ndipo sindinapezebe telala woti ndimulole kuukhudza.