Chikwama cha Kamfuti ka Moffat

Moffat anali mwamuna wa mtundu uja woti akaona bwana msana umachita lendelende, akaona mkazi wake n'kuuma gwa ngati mtengo wa bulugamu. Anali kapitawo wa alonda pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli, ndipo nkhondo itakula ku Mozambique, mzungu wa esitetiyo anamupatsa kamfuti ka m'chiuno kuti aziopsezera akuba odumpha malire. Akubawo sanakaone n'kamodzi komwe. Wokaona tsiku lililonse anali mkazi wake Estele, chifukwa pa nthawi ya chakudya Moffat ankakagoneka pa tebulo, kukamwa kwa kamfutiko kutaloza kwa mkaziyo.

"Tsiku limene udzasenze katundu kupita kwa amako, pa mlatho apo sudzafikapo," ankatero uku akutafuna.

Estele mtima unali utapita kale kwawo, koma chipolopolo sachithawa ndi miyendo. Ankangomuyang'ana monyansidwa mwamunayo akunyambita zala.

Chomusowetsa mtendere Moffat chinali chikwama cha mfutiyo. Anachigula pa msika kwa msilikali wothawa nkhondo, chikopa chotopa chosokedwera mfuti yokulirapo, ndipo kalamba ka batani kotsekera pamwamba kankangolendewera. Akaima chilili zinkayenda. Tsoka lake, Moffat sankadziwa kupereka moni kwa munthu wamkulu ali chilili. Atabwera tcheyamani wa chipani kudzaona makhadi, Moffat anawerama, kamfuti phii m'matope. Mawa lake anaweramira mzungu, kamfuti khu pa nsapato ya mzunguyo. Azimayi othyola tiyi anabisa nkhope m'madengu, mapewa akugwedezeka. Mzungu sanaseke. Anati ikadzagwanso, Moffat adzabweze mfuti ndi chipewa chomwe.

Lamulungu m'mawa Moffat anaponya chikwamacho pamiyendo pa mkazi wake.

"Bambo ako ankakunga ng'oma za tchopa, zachikopa kwanu mumazidziwa. Konza ichi. Ikadzagwanso, chipolopolo choyamba ndi chako."

"Ndiye mundipatse ndi mfuti yomwe, bambo, ndiyezere," anatero Estele, maso ali pansi.

Moffat anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa zipolopolo zonse, n'kuzithira m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Chilombo cha esiteti yonse chinkaopa mkazi wake atagwira chitsulo! Estele anachita kudziluma mlomo kuti asaseke.

Anapempha chikopa chambuzi chachiwisi kwa anzake oyandikana nawo amene anapha mbuzi dzulo lake. Ananyika chikwamacho m'madzi ofunda mpaka chinafewa, analowetsamo mfuti, n'kukulunga chikopa chachiwisi chija kuzungulira, akusoka, akukoka ulusi ndi mano. Anachiyanika pa malata tsiku lonse, madzulo n'kuchiwamba pamoto ngati ng'oma isanalire. Chikopa chachiwisi chikamauma chimakwinyika, ndipo bambo ake a Estele pokunga ng'oma ankasiya mpata pang'ono poopa kung'amba. Estele sanasiye mpata.

Lolemba Moffat anachimangirira pa lamba. Anadumpha, anawerama, anagwedeza chiuno ngati wa beni. Kamfuti kanali duu. Anakakoka kuti aikemo zipolopolo, sikanasunthe, ndipo nthawi yomweyo beru la ku fakitale linalira.

"Zatsopano zimalimba," anatero. "Ndikaika kuntchito."

Koma kuntchito kunali zofunika kuposa zipolopolo. Anaweramira mzungu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda bondo. Anaweramira kalaliki, anaweramira dalaivala, akuti ngakhale galu wa mzungu analandira ulemu wake tsiku limenelo. Palibe chinagwa. Masana anabwerera kunyumba akuimba mluzu, mimba ili patsogolo.

Pa tebulo panalibe mbale. Estele anali pabwalo, mtolo wa zovala uli pamutu, mpando wake waung'ono uli m'manja. Azimayi a m'nyumba zoyandikana anali atakhala m'makonde mwawo, akusankha nyemba zimene zinali zosankhidwa kale.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Kwa amayi, bambo. Tsalani bwino."

"Waiwala zimene ndinakuuza?"

"Sindinaiwale ayi."

Moffat anamasula kabatani kaja n'kukoka. Lamba anakwera kufika m'khwapa. Anagwira ndi manja awiri, nakokanso, buluku linatsata lamba, miyendo yake yowonda ija inaonekera mpaka m'mawondo. Anayamba kuzungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna kuluma mchira wake, thukuta lili kamukamu, zipolopolo zikulira m'thumba la malaya. Anasiya mfuti, nakunga chibakera, koma azimayi aja anaika malichero pansi n'kuimirira onse. Chibakeracho chinafumbatuka chokha.

Estele sanathamange. Anatsika kanjira ka pakati pa tiyi pang'onopang'ono, msana ukumuyabwa pamalo pamene kwa miyezi yonseyi ankayembekezera chipolopolo. Atafika pa mlatho anaima pakati penipeni, nakonza mtolo wake, n'kucheuka. Moffat anali atakhala pansi m'fumbi, lamba atavula, akuluma chikopa chija ndi mano.

Estele analavula malovu m'madzi, n'kuwoloka.