Kabawuti ka Penti Yofiira

Galimoto ya a Jaffalie inkalira ili chiimire, popanda woiponda moto, ngati ikukwera phiri pamene ili pansi pa mtengo wa mango. Kudera lonselo la Katuli galimoto yoyenda inali yomweyo. Ndiye Leticia, mkazi wa Antonio, anali kwa azamba kuyambira dzulo lake, mwana atapingasa m'mimba.

Antonio anali wothawa nkhondo, koma kwawo ku Mozambiki ankakonza mathirakitala.

"Ikonzeni, amisiri, tithamange nawo kuchipatala kuboma," anatero a Jaffalie. "Ikulira chonchi sindingatsike nayo zitunda zija. Ikuchita kuthawa yokha, mabuleki sangaigwire."

Antonio anatsegula boneti n'kuyamba kufunafuna kabuleta, chosakaniza mafuta ndi mpweya chija. Munalibe. Galimotoyo inachokera ku Joni, ya makono yodzipopera yokha mafuta, mawaya ali yangayanga. Chimene anapeza ndi kabawuti kamodzi komatidwa penti yofiira.

"Penti imeneyo sanaipake kuti ikongole, achimwene," anatero a Jaffalie.

"Amapaka onse, bwana. Ndamasula zingati ine zoterezi?"

Inu, chinthu akachimata dala eni ake, chisiyeni. Mukachita liuma n'kuchipotokola, muziwerenga kuti mwapotokola kangati. Antonio sanawerenge. Anapotokola uku, anabweza, anapotokolanso, maso ali kunyumba ya azamba. Kulira kuja kunangotsika pang'ono.

Apo m'pamene anatola chidutswa cha paipi, mbali ina kukhutu, inayo akuyendetsa pa injini. Pansi pake anamva kuti tsiii. Kapaipi ka mphira kanali koboola, mano a makoswe akuonekera, poti a Jaffalie ankagoneka matumba a usipa m'galimotomo. Injini inkakoka mpweya pabowo pamenepo, nayo n'kumawonjezera mafuta. Vuto lonse linali lomwelo, loti n'kutha ndi mphira ya chubu cha njinga.

Anamanga bwinobwino. Injini inatsokomola, inanjenjemera, n'kuzima.

"Mwaipha," anatero a Jaffalie.

"Ayi bwana, ndi kabawuti kaja. Katseka njira yeniyeni ya mpweya. Ndikabwezera pomwe kanali."

"Kanali pati?"

Antonio anagwiranso kabawuti kaja. Anabweza pang'ono, a Jaffalie analiza, inazima. Anabwezanso, inazimanso. Chomwecho mpaka dzuwa kufika paliwombo, batire n'kuyamba kulira ngati nkhalamba yodwala chifuwa, kenako zii. Galimotoyo sinali yoliza pokankha, giya yake inali yodzisintha yokha.

Azamba, a Dorika, anatulukira kuseri kwa mpanda, manja ali kumbuyo.

"Mayi, tatsala pang'ono," anatero Antonio, osadzutsa mutu. "Tingobwereka batire kuchigayo."

"Asiya kubuula akazi anu."

"Ndiye kuti akupezako bwino?"

"Ndati asiya kubuula, bambo. Sambani m'manjamo, mubwere muwaone akadatha kukuzindikirani."